Ng'oma za Che Sadiki ndinazifufuta ndine

Mbiri ya nyimbo za roko m'dziko muno ikadzalembedwa, dzina langa lidzakhala pa tsamba loyamba, m'zilembo zikuluzikulu, ngati munthu amene anayambitsa gulu la roko pakati pa Balaka ndi Machinga. Lidzapezekanso pa tsamba lachiwiri ngati munthu amene anapha gululo. Bukulo lidzathera pomwepo, ndipo sindikudziwa amene adzaligule.

Inu owerenga, musaseke msanga. Ndinalakwira munthu amene sanandilakwirepo, ndipo manyazi amene anayenera kukhala anga akuwasenza ndi iwo mpaka lero. Ndikulemba kuti wina amene wagwira gitala n'kuyamba kudzimva asadzachite zimene ndinachita ine.

Koleji ndinaisiya mwa kufuna kwanga, tsiku lomwe anandiuza kuti ndisadzabwerenso. Ndinabwerera kwathu kwa Kalembo ndi gitala, mawu angapo a Chingerezi ovuta kutchula, ndi chikhulupiriro chakuti anthu akumudzi akudikira ine kuti ndiwatsegule makutu. Mayi anga anati akudikira ine kuti ndikapalire thonje.

Che Sadiki ndinakumana nawo pamsika wa Liwonde. Ankagulitsa nsomba za makumba zowamba, ndipo poingitsa ntchentche ankagogoda m'mphepete mwa beseni ndi timitengo tiwiri. Ndinaima pamenepo mpaka mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati ndikugula kapena ndikulondera. Che Sadikiwo anali msodzi wa kunyanja ya Chiuta, mkulu kwa ine, mkamwini kumudzi kwa akazi awo. Sanaphunzire ng'oma kwa wina aliyense. Anaiphunzira m'bwato. Asodzi akatchera ukonde amagogoda bwato kuti nsomba zidzidzimuke zithawire mu ukondemo. Amayamba pang'onopang'ono, nsomba zikayandikira amafulumiza, n'kufulumizabe mpaka mtima wa munthu womvera nawonso uyambe kuthamanga. Manja a Che Sadiki ankadziwa kaimbidwe kameneko basi.

Wachitatu anali Agnesi wa kwa Nsamala, amene ankaimba kwaya kutchalitchi ndipo anali atatopa ndi kuitanidwa kumaliro okhaokha. Gulu lathu tinalitcha Zingwe Zoduka, chifukwa gitala yanga sinakhalepo ndi zingwe zokwanira. Tinalibe kampani, tinalibe bwana. Ine ndinkauza anthu kuti ndife odziimira patokha. Zoona zake n'zakuti panalibe amene ankatifuna.

Chimbale choyamba tinachitcha Mvula Yakana. Tinachijambula m'shedi ya thonje kwa Kalembo, nyengo imene shediyo imakhala yopanda kanthu, ndi kompyuta yobwereka ndi maikolofoni imodzi yomangirira kumpini wa khasu. Ng'oma za Che Sadiki zinali zigubu ziwiri, ng'oma imodzi ya chikopa cha mbuzi, ndi waya wopisa zitsekerero za mabotolo. Mukamvetsera bwino chimbalecho mumamva malata akulira ndi dzuwa. Mumamva mbuzi itasuzumira pakhomo n'kupereka maganizo ake. Pa nyimbo ina Agnesi anaiwala mawu n'kuseka, tinangozisiya choncho chifukwa batire linali litatsala pang'ono kutha. Ndipo nyimbo iliyonse imayamba ngati munthu akupita kumunda, n'kutha ngati akuthawa njuchi. Ine ndi Agnesi tinkangothamangira pambuyo pa Che Sadiki, tikupuma wefuwefu.

Ndinkachita nacho manyazi chimbale chimenecho. Koma anthu anachikonda. Oika nyimbo m'mafoni pa Nselema, pa Ntaja ndi pa Ulongwe anachifalitsa osatifunsa n'komwe. Akabaza ankati chimawathandiza pachitunda. Tinaimba paukwati, pazinkhoswe, ngakhale pa tsiku lotulutsa ana kusimba, pomwe amayi anavina gitala yanga ngati ndi manganje. Kudoko ku Chiuta asodzi ankamva nyimbo yoyamba yokha n'kunena kuti awo ndi Che Sadiki, nsomba zalowa.

Pamenepo m'pamene mutu wanga unayamba kukula. Ndinati chimbale chachiwiri tikajambule ku Blantyre, m'situdiyo yeniyeni, kuti dziko lonse lidziwe kuti si ife oimba m'shedi. Ndinachipatsiratu dzina chisanabadwe: Tafika.

Kuti Che Sadiki apite nafe sizinali zapafupi. Inali nyengo imene nsomba zimagwidwa bwino, ndipo bwato limene ankagwirira ntchito linali la amjomba a akazi awo, munthu amene kuyambira kale ankati ng'oma ndi masewera a ana. Mkamwini sasiya ukonde wa eni mudzi n'kupita kukagogoda zigubu mumzinda popanda kugwada. Che Sadiki anagwada. Analonjeza amjombawo kuti pobwera adzamva manja awo akulira bwino kuposa kale, ndipo mudzi wonse udzatchuka. Zimenezi anandiuza okha m'minibasi, atakumbatira ng'oma yawo ya chikopa pamiyendo ngati mwana wodwala.

Situdiyo inali yozizira ngati chipinda chosungira mitembo, ndipo tsopano ndikuona kuti chimenecho chinali chizindikiro. Mkulu wojambula nyimbo mmenemo anaveka Che Sadiki zomvera m'makutu, momwe munkalira kanthu kogunda ngati wotchi, ke, ke, ke, kosafulumira, kosachedwa. Anawauza kuti azitsatira kameneko. Anayesa. Vesi yoyamba ankayenda nako limodzi, pofika pakolasi n'kuti atakasiya kutali. Timabwereza. Amakasiyanso. Thukuta linawatuluka m'chipinda chozizira chija.

Anavula zomvera zija n'kundiyang'ana. "Achimwene, kachilombo aka kakundiluma m'khutu. Nsomba siyendera wotchi, iyayi."

Tonse tinaseka, ndipo tinajambula mmene akanathera. Lachinayi Che Sadiki anatsogola kubwerera kuti Lachisanu akapemphere kwawo, komanso ukonde unkawadikira. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati sikomo, zotsalazo ndazisiya m'manja mwanu.

Atangotuluka, mkulu uja anandionetsa pakompyuta mizere ya ng'oma zawo, yokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera. Kenako anandimvetsera ng'oma za makina, zoongoka, zolemera, zonga zimene timamva pawailesi. Anati akhoza kufufuta za mdala uja n'kuikamo zimenezi, palibe angadziwe. Inu owerenga, sanandikakamize. Anandifunsa, ndipo ndinaganiza kwa nthawi imene munthu amatenga pomeza malovu. Ndinavomera m'Chingerezi, kuti zimveke ngati nzeru.

Agnesi anandikoka malaya. "Iwe, umuuze mwini wake. Usachite za ufiti masanasana."

Ndinamuyankha kuti ndidzawauza nthawi yake ikakwana. Nthawi imeneyo ndikuidikirabe. Dzina lawo ndinalisiya pachikuto, pansi pa chithunzi chimene anavala malaya awo a pa Idi.

Kunena chilungamo, Tafika ndi chimbale choyera. Mulibe mbuzi, mulibe malata, mulibe kuseka. Mawu a Agnesi anawasalaza mpaka mayi ake omubala anafunsa kuti mtsikana akuimbayu ndi wa kuti. Gitala yanga inali ndi zingwe zonse. Nyimbo iliyonse imatha pa liwiro lomwe yayambira, ngati wodwala amene adokotala akuti sakusintha. Mvula Yakana chinali ngati nyumba yodontha koma muli anthu. Tafika ndi nyumba ya malata atsopano imene mwini wake anamwalira asanalowemo.

Che Sadiki anafuna kuti anthu akwawo akhale oyamba kumva. Anabwereka sipika ndi batire la sola, anayala mikeka pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko, anaitana apongozi, asodzi anzawo, ndi amjomba aja, amene anawaikira mpando patsogolo. Ine ndinafika nditamanga tayi. Kunali dzuwa loswa mtengo, koma katswiri savula tayi.

Nyimbo yoyamba inalira. Ana anaimirira kuti avine, anadikira pamene ng'oma zimayamba kuthamanga, sipanafike, anakhalanso pansi mmodzimmodzi. Nyimbo yachiwiri inalira. Ndinkaona Che Sadiki akugogoda bondo ndi zala, zalazo n'kutsogola, sipika n'kutsalira. Anasiya. Anayang'ana manja awo, kenako anayang'ana ine. Anali atadziwa.

Amjomba aja anatsokomola. "Che Sadiki, ku Blantyre munadwala? Amene akugogoda apayu akanakhala m'bwato langa bwenzi tikudya ndiwo za masamba chaka chonse. Manja awa ndi anu?"

Apa m'pamene munthu wa mtima akanaimirira n'kunena kuti bambo, mlandu ndi wanga. Ine ndinaimiriradi. Ndinakonza tayi. Ndinauza mudzi wonse kuti amene akumvekawo ndi Che Sadiki enieni, kungoti mumzinda aphunzira kusunga nthawi ngati wotchi, monga amachitira akatswiri a kunja.

Onse anatembenukira kwa iwo. Akanatha kundivula pomwepo ndi mawu amodzi, ndipo asodzi aja akanandiperekeza ndi nkhafi mpaka pamsewu. Koma ine ndinali mlendo wawo. Anandiitana okha, ndinali nditadya mpunga wa akazi awo. Kwawoko mlendo sachititsidwa manyazi pamkeka wa mwini nyumba. Anaweramitsa mutu n'kunena motsitsa kuti eya, ndine.

Wina kumbuyo anakuwa kuti Che Wotchi! Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amjomba sanaseke. Ananyamuka nyimbo ili pakati, nati nyengo yonse ya nsomba yapita chifukwa cha zimenezi, n'kumapita. Akazi a Che Sadiki anayamba kupinda mikeka anthu asanachokepo.

Dzina lija linamera mizu. Mpaka lero kudoko kumeneko mukafunsa Che Sadiki amakufunsani kuti ati, koma mukati Che Wotchi ngakhale mwana amakulozerani.

Sanabwerenso kudzayeserera nyimbo. Sanakalipe, sanatume mawu, foni yanga ankayankha mwaulemu n'kunena kuti ali pamadzi. Agnesi anabwerera kukwaya. Anati kumaliro n'kwabwino chifukwa womwalirayo amadziwika, kusiyana ndi gulu limene lafa koma mwini wake akumangabe tayi. Ndinayesa kuimba ndekha ndi ng'oma za m'foni pa malo ena omwera ku Balaka. Mwini malowo anandipempha mwaulemu kuti ndipume kaye, makasitomala akufuna kumva mpira.

Patapita miyezi ndinalimba mtima. Ndinakwera njinga yamoto pa Nselema kupita ku Chiuta kukapepesa. Ndinawapeza akusoka ukonde. Anandiyalira mkeka, anandipatsa madzi, anandifunsa za mayi ndi za thonje. Koma sananditchulenso achimwene. Ankati abwana. Inu owerenga, ndatukwanidwapo m'zinenero zitatu, koma palibe mawu anandipweteka ngati amenewo.

Ndinayamba kulankhula zimene ndinakonza m'njira monse. Anandidula mofatsa. "Palibe mlandu, abwana. Makina aja amaimba bwino. Satopa, sapita kumzikiti, alibe apongozi. Musawataye."

Ndinawapempha kuti tibwerere kushedi kuja tikajambule chachitatu, mbuzi ndi malata zonse zikhalemo. Anangoloza ndi mlomo kumadzi. Zigubu ziwiri zija zinali zikuyandama, atazimangirira ku ukonde wina kuti usamire. Ng'oma ya chikopa anati makoswe anaiboola, ndipo sanaone chifukwa choikonzera. Anandikulungira milamba iwiri yowamba kuti ndikapatse mayi, n'kupepesa kuti anzawo akuwadikira.

Ndinakhala padokopo ndikuwaona akupalasa. Atafika patali anayamba kugogoda bwato. Pang'onopang'ono, kenako mofulumira, kenako mofulumira kwambiri, ndendende ngati kumapeto kwa nyimbo yathu yoyamba. Mtima wanga unathamanga nawo ngati kale. Chimbale chachitatu chinali chimenecho, ndipo ankaimbira nsomba. Mnyamata wa njinga yamoto anandifunsa ngati m'maso mwandilowa kanthu. Ndinati ndi utsi wa nsomba.

Tsono inu amene muli ndi kagulu kanu, kaya ka nyimbo, kaya ka mpira, kaya ka chiyani, mverani munthu amene anaphunzira mochedwa. Anthu akakukondani, fufuzani kaye chimene akukondacho musanayambe kukonza, chifukwa mwina chimene mukuchita nacho manyazi ndicho chokhacho muli nacho. Ndipo ngati mwaganiza zochotsa manja a mnzanu pa ntchito, muuzeni m'maso muli awiri. Adzakwiya, mwina adzakumenyani, koma mbama imapola. Musadikire kuti akakuphimbireni bodza pamaso pa apongozi ake. Munthu amene wakusenzerani manyazi anu simungamupepesenso, chifukwa alibe poika chipepesocho, manja ake adzaza kale.

Pobwerera ndinatsikira pa Nselema. Mvula Yakana ndinalibe, ndinali nditachifufuta m'foni mwanga kalekale kuti Tafika chipeze malo. Ndinapita pa kabenchi ka bambo wina woika nyimbo n'kufunsa ngati ali nacho. Sanandizindikire, tayi ndinali nditasiya kunyumba. Anati ali nacho, ndipo chimayendabe. Akulumikiza foni yanga anandiuza kuti awa anali anyamata, koma anawapha ndi wa gitala uja, akuti anapitako kukoleji. Ndinavomereza kuti ndinamvanso choncho.

Anandifunsa ngati andiikirenso chachiwiricho. Anati chimenecho salipiritsa, amangopereka basela, kungoti anthu ambiri amakana chifukwa chimadya malo. Nanenso ndinakana.

Nyimbo zanga zomwe, gitala yanga yomwe, mbuzi yomwe ija, ndi manja a Che Sadiki akuthamanga ngati palibe chidzawaimitse. Ndinalipira K500.