Pampu ya Oyilo Imene Inawononga Dzina la a Fackson

A Fackson Namakhwa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ku galaja ya esiteti ya tiyi, osasowetsa ngakhale bawuti imodzi. Atapuma ntchito, anayamba kukonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango ku Luchenza. Analibe chikwangwani. Chinkawadyetsa ndi dzina basi, poti anthu ankati mkulu ameneyu saba.

Ine Mervis sindinkakhulupirira zimenezo. Makaniko wosaba? Aaa, akanamize ena! Ndinkamva ine kuti amakaniko ukawapatsa chitsulo chatsopano, amatsuka chakale n'kuchibwezera, chatsopanocho n'kubisa m'ovololo.

Ndili ndi pikapu imene anandisiyira malemu amuna anga, yonyamula masamba a tiyi a alimi a ku Khonjeni. Chaka chatha kagetsi kofiira ka oyilo kanayamba kuyaka. A Fackson atamvetsera injini, anati pampu ya oyilo yatha. Ndinakagula ndekha yatsopano ku Limbe, n'kukhala pa tayala kuwayang'anitsitsa ngati mphaka pa una wa mbewa.

Anakhuthula oyilo, anamasula chibeseni cha pansi pa injini, n'kutulutsa pampu yakale. Kenako ndinaona malodza. Anatsegula pampu yanga yatsopano, anatulutsa kabotolo m'thumba, n'kuyamba kupaka m'kati mwake mafuta odzola, omwe timadzoza ana aja.

"Nanga zimenezo n'zachiyani, bambo?"

"Zimatero, mayi," anayankha osadzutsa mutu. Munthuyo sachuluka mawu.

Mtima wanga unakana. Ndinati awa akufuna pampu itsekeke kuti ndidzabwerenso, apo ayi ndi mankhwala amenewa. Atatseka pampuyo n'kupita kukadya kumsika, ndinaiviika m'beseni la petulo, n'kuipukusa mpaka mafuta onse atasungunuka. Ndinaipukuta n'kuibwezera pamene anaisiya.

Atabwera anamanga zonse, anathira oyilo watsopano, n'kuliza injini. Kagetsi kaja sikanazime. Injini inayamba kugogoda, iwo n'kuizimitsa msangamsanga.

Apo ndiye ndinalusa. "Mbava inu! Mwandisinthira pampu! Yanga mwaibisa kuti?" Akabaza ndi amayi ogulitsa nthochi anaunjikana kudzaonerera.

A Fackson analowanso pansi pa galimoto n'kumasula zonse. Atatsegula pampu anaipeza ili gwa, youma. Anainunkhiza, kenako anayang'ana manja anga.

"Mayi," anatero chapansipansi kuti anthu asamve, "pampu yatsopano ikakhala youma imangokoka mpweya. Mafuta aja amaithandiza kuyamwa oyilo poyamba, kenako amasungunuka okha. Wolakwa ndine, sindinakuuzeni."

Manyazi anandigwira, ndipo sindinaulule pagulu paja. Anapakanso mafuta, kagetsi kanazima, ine n'kunyamuka.

Koma akabaza anali atapita kale ndi nkhani. Pofika madzulo, Khonjeni yense anali atamva kuti a Fackson agwidwa akusintha pampu. Patatha sabata ndinayamba kuuza aliyense zoona zake, koma amangondiseka: "Mayi Mervis, musawaikire kumbuyo. Si munkakuwa nokha?"

Dzulo ndinadutsa pa mtengo paja. Panalibe galimoto ngakhale imodzi. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga. Atandiona anaimirira n'kuvula chipewa.

"Mayi, injini ija ikuyenda bwino?"

Ikuyenda bwino zedi, koma maso anga anangokhala pa chubu chija.