Kalata ya Ba Hosea Imene Inakulunga Vitumbuwa

Ku Kalingalinga, pamsewu umene amisiri amayalapo mabedi ndi zitseko kuti odutsa pagalimoto aziona, kuli kalipentala dzina lawo Hosea Musonda. Ntchito ya manja awo ndi yabwino ndithu, koma mukafunsa anthu za ba Hosea, palibe amene angayambe ndi matabwa. Onse amayamba ndi pakamwa pawo. Ha, bambo amenewa amayankhula inu! Mukawafunsa ngati mpando wanu watha, khalani kaye pansi, chifukwa yankho lake lili ndi khonde, pabalaza ndi kuchipinda.

Anabadwira ku Mufulira, mwana wa munthu wamumgodi, ndipo ali mnyamata anapita ku seminale kukaphunzira unsembe. Kumeneko anapeza wansembe wokalamba wa ku Italy amene sankatopa kukamba za anthu ophunzira a kwawo a zaka mazana asanu zapitazo. Anthu amenewo, ankatero wansembeyo, anafukula mabuku akale a Chilatini ndi Chigiriki amene njenjete zinali kumaliza, ndipo ankakhulupirira kuti nzeru zopanda mawu okoma ndi ndiwo zopanda mchere. Nkhani zozama za moyo sankazilemba mouma ngati malamulo ayi. Ankazilemba ngati kalata yopita kwa bwenzi, kapena ngati macheza a anthu awiri, wina akutsutsa, wina akuyankha. Chimene chinalowa ba Hosea m'mafupa ndi ichi: usathamangire kunena zako. Yamba waimika mfundo zonse za wokutsutsa, uzipatse mphamvu, kenako uzigwetse imodziimodzi.

Unsembe unawakanika. Chaka chachitatu anaona mtsikana wa kwaya dzina lake Luse, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Anakwatirana, nabwera ku Lusaka, ba Hosea n'kuphunzira matabwa kwa malume awo. Chinyanja anachitola pamsewu ngati aliyense, kenako anakachitsuka ndi Baibulo mpaka chinayamba kuwala kuposa cha eni ake. Chilatini chinawuluka, koma kalembedwe ka wansembe uja kanatsala.

Posakhalitsa anthu anazindikira kuti pamalo aja samangopala matabwa. Amene wayambana ndi mwini nyumba, amene mwana wake wathamangitsidwa kusukulu, amene apongozi amukwiyira, onse ankabwera kudzalembetsa kalata. Mnzawo wapamtima, ba Benard, amene amawotcherera zitsulo pafupi nawo, ndiye amaidziwa bwino mphamvu yake. Tsiku lina moto wa ba Benard unathethekera pa chitenje chatsopano cha mayi woyandikana nawo, ndipo mayiyo analumbira kuti akafika kupolisi. Ba Hosea analemba kalata. Tsamba loyamba linamanga ba Benard mlandu mwaluso kotero kuti mayi uja ankangogwedeza mutu akuwerenga. Ndiye pamwamba pa tsamba lachiwiri panabwera liwu limodzi: "Komabe." Pofika kumapeto, mayiyo anatumizira ba Benard mbatata yophika. Paja mawu okoma anatulutsa njovu m'munda. Kuyambira pamenepo msewu wonse unawatcha ba Komabe.

Mayi Luse anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ana onse atakwatiwa kale. Ba Hosea analira chaka chathunthu, ndipo chaka chimenecho sanalembere munthu kalata ngakhale imodzi. Chimene chinawabwezera pakamwa ndi vitumbuwa.

Tsidya la msewu, pakona, pamakhala Amake Dingani ndi mbaula yawo, mayi wamasiye wa ku Katete, wamaso akuthwa ndi lilime losachedwa. M'mawa uliwonse ba Hosea ankawoloka kukagula vitumbuwa viwiri, mayiwo n'kuikapo chachitatu chaulere. Ba Hosea ankathokoza, ndipo tsiku lililonse kuthokoza kwake kunali kwina. Lero, "Manja awa dzimbiri lisawakhudze." Mawa, "Mwandikumbutsa kuti dziko lidakali ndi anthu." Zaka zitatu osabwerezapo! Ankati akale aja ankaphunzitsa ana kunena chinthu chimodzi m'njira zana. Benchi la mayiwo analikonza kanayi, chonsecho silinathyoke n'kamodzi komwe. Msewu wonse unkaona, ngakhale nkhuku zinkadziwa. Koma liwu lenilenilo, ba Hosea sanalitulutse.

Ndiye Lolemba lina Amake Dingani anapereka vitumbuwa vija osamwetulira.

"Ba Hosea, Dingani wamanga nyumba ku Chipata. Akuti nizipita kukankhala naye. Galimoto ya kanta ibwera Loweruka m'mawa kutenga katundu." Anatembenuza chitumbuwa m'mafuta, maso ali pansi. "Namuuza ati kulibe chamene chinigwira kuno. Kapena chilipo?"

Abale inu, khomo lotseguka chotere ngakhale wakhungu angalowe. Koma ba Hosea anakhosomola, nakonza pensulo ya kukhutu.

"Mayi, funso limeneli ndi lalikulu. Liyenera kuyankhidwa mwadongosolo."

Masiku awiri sanagwire sowo. Anakhala pa benchi lopalira matabwa ndi kope la ana asukulu, chifukwa ankadziwa kuti mayi amenewa akakwera galimoto ija sadzabweranso. Anaganiza kuti nkhani yotere siyenera kalata wamba. Analemba macheza a anthu awiri, Mutu ndi Mtima, masamba asanu ndi limodzi. Monga mwa lamulo, anayamba kupatsa Mutu mpata, ndipo Mutu anaugwiritsa ntchito. Masamba atatu athunthu! Hosea wakalamba, mawondo ake amalira akamadzuka. Hosea amaliza mkonono. Nyumba yake ndi utuchi wokhawokha. Ukwati wa paukalamba ndi wosekedwa ndi adzukulu. Mayi wanzeru, amene mwana wake wamumangira nyumba ya malata atsopano, angatsalire chiyani mufumbi la Kalingalinga? Tsamba lachitatu linatha ndi mawu akuti: "Choncho, mayi, pitani ku Chipata."

Ba Hosea atawerenganso anadzitamanda okha mumtima. Mfundo zinali zitaima nji, zongodikira kugwetsedwa.

Lachitatu masana anakapereka kalatayo ndi manja awiri. Lachinayi m'mawa anawoloka msewu atavala malaya osita.

"Vingati?" anafunsa Amake Dingani, ngati akufunsa munthu wodutsa.

"Monga mwa masiku onse, mayi."

Anapatsidwa viwiri. Chachitatu panalibe. Ba Hosea anaima pamenepo, kuthokoza kwa tsikulo kuli kukhosi, mayiwo n'kuyamba kucheza ndi wogula wina. Anabwerera kuntchito. Anaganiza kuti mayiwo awerenga zonse ndipo awakana, ndipo zinawapweteka kwambiri. Tsiku limenelo anakhoma mwendo wa tebulo chozondoka.

Lachisanu masana malaiti atapita, ba Benard anasowa chochita nakagula vitumbuwa. Anabwera akutafuna, kenako anaima pakhomo akuyang'ana pepala lamafuta limene anawakulungiramo.

"Ba Komabe, si kulemba kwanu uku?"

Linali tsamba lachinayi. Pamwamba pake, mafuta atalowerera, panali liwu lija: "Komabe." M'munsi mwake Mtima anali atadzuka kuyankha Mutu, akunena kuti mawondo olira amadziwabe njira ya tsidya la msewu.

Ba Benard ndiwo anakafufuza nkhani yonse. Amake Dingani anawerenga masamba atatu oyamba ali chiimire, mafuta akupsa. Atafika pa "pitani ku Chipata" anapsa mtima koopsa. "Nindani anabafunsira bambo aba, kuti banikane na mapepala atatu?" anatero kwa mayi wogulitsa tomato. Atatu amenewo anawaponya pambaula. Otsalawo sanawayang'ane n'komwe, anawaika pamulu wa mapepala okulungira, poti pepala ndi pepala. Tsamba lachisanu linapita ndi kondakitala wa minibasi, amene akuti analiwerengera anthu mokweza mpaka kutawuni, amayi ena n'kumapukuta misozi. Tsamba lachisanu ndi chimodzi, lomwe linali ndi pempho lenilenilo, linakathera kusaluni, ndipo atsikana a kumeneko anali ataliloweza kale. Mwachidule, Kalingalinga yense ankadziwa kuti ba Hosea afunsira Amake Dingani, kupatula Amake Dingani.

"Yendani manje manje mukabauze," anatero ba Benard.

Mukuganiza kuti anapita? Ayi ndithu. Anatulutsa kope lija. Ankati kalata yoyamba yavulala, ndiye pafunika yachiwiri yofotokoza dongosolo la yoyambayo. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Munthu wanzeru chotere!

Loweruka m'mawa kanta inafika. Ba Hosea anali pa tsamba lachisanu la kalata yatsopano pamene ba Benard analowa, nalanda kope, nalikhalira.

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna, mdala. Matilesi akwera kale. Yendani na kamwa chabe."

Ba Hosea anathamanga, ngati kuja tingakutche kuthamanga, utuchi uli m'tsitsi, ba Benard ali pambuyo pawo. Pakhomo pa Amake Dingani anapeza katundu atamangidwa kale ndi zingwe, mbaula ili pamwamba. Dingani, bambo wamtali wa ndevu zake, anali kukambirana ndi dalaivala. Anthu anali atadzaza ngati pali msonkhano, atsikana a kusaluni ali kutsogolo. Amake Dingani anali atavala chitenje chapaulendo, phazi limodzi lili kale pachitseko cha galimoto.

Ba Hosea anavula chipewa, napuma kawiri, nakweza dzanja monga amachitira pa maukwati.

"Mayi olemekezeka, anzeru akale ankati munthu asanaweruze nkhani..."

"Ba Hosea," anawadula mayiwo, "injini ilira, mafuta ni odula. Mapepala yanu ninaberenga, ninamvera. Ngati kuli vina, nikupatsani mau atatu. Atatu chabe."

Atatu! Munthu amene moni wake yekha amadya mawu makumi awiri. Anayang'ana ba Benard, ba Benard anayang'ana kumwamba. Anafunafuna m'mutu poyambira pabwino, koma munali mbee. Dalaivala analiza hutala.

"Musapite," anatero ba Hosea.

Mayiwo anakweza chala chimodzi.

"Nikufunani."

Chala chachiwiri chinakwera. Kumbuyo wina anayamba nthungululu, anzake n'kumutseka pakamwa. Amake Dingani sanasunthe, nkhope ili gwa.

"Yatsala imodzi."

Apa ndiye Chinyanja chotsukidwa chija chinawathawa chonse. Chimene chinatuluka ndi Chibemba cha mayi awo, liwu limene mwana amanena akagwira chitenje cha make popempha. Ba Hosea anagwada pafumbi, mawondo n'kulira thyo onse awiri, naomba m'manja.

"Napapata."

Amake Dingani anawayang'ana nthawi yaitali, milomo ikulimbana ndi kuseka, maso atadzaza misozi. Kenako anatsitsa phazi lija pansi.

"Zaka zitatu, ba Hosea. Zaka zitatu nayembekeza, mafuta yanipsereza manja pakona paja." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, natembenukira kwa mwana wawo. "Dingani, masula nthambo."

"Amama, nalipira kale galimoto kuchoka ku Chipata!"

"Uzanyamula mabedi ya ba Benard ukagulitse. Masula."

"Ine nipanga mageti, amake Dingani," anatero ba Benard.

"Ndiye anyamule mageti!"

Nthungululu zinaphulika mpaka agalu a ku komboni yoyandikana ya Mtendere anayankha. Dingani anaima kanthawi akukanda ndevu, akuyang'ana mayi ake akuseka ngati mtsikana, mwina koyamba chimwalirire bambo ake. Anapukusa mutu, nayenso n'kuseka, nakwera pagalimoto kukamasula zingwe.

Ba Hosea anali chigwadire. Sikuti ankapitiriza ulemu ayi, mawondo anali atakana kuwongoka. Amake Dingani anawerama, nawagwira mkono ndi manja awiri pamaso pa anthu onse aja, nawadzutsa pang'onopang'ono, ndipo atawaimika sanawasiye.