Minga pa njira ya kwa Muhiye

A Fainess Nahache anafika zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri asanayendepo ulendo wopanda katundu pamutu. Anabadwira kwa Muhiye, kamudzi kotsamira phiri la Michesi, ndipo anayamba kusenza nkhuni mano a mkaka asanathe kuguluka. Mtolo unkakula nawo limodzi. Atakwatiwa unali wa nkhuni zokagulitsa ku Phalombe. Amuna awo atamwalira unasanduka chinangwa, nandolo, nthochi, chilichonse chimene chikanabweretsa sopo ndi yunifomu ya ana. Choncho tinjira ta m'mbali mwa phirilo ankatidziwa ndi zidendene: poterera ndi pati, njuchi zimakhala mu mtengo uti, ndi pakhomo pa yani pamene ungapemphe madzi akumwa osakuyang'ana ndi diso lofiira.

Chaka cha namondwe wa Freddy, napolo anatsika m'phirimo ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Anatenga theka la mudzi, natenganso msewu wa njinga, n'kusiya chiphompho chimene ngakhale mbuzi zimachizungulira. Otsala anapatsidwa malo kumunsi, kufupi ndi msewu waukulu. Onse anatsika kupatula munthu mmodzi, a Walter, amuna a malemu a Selestina, akulu awo a a Fainess. Nkhalamba yamakani imeneyo inati, "Ine ndinabwera pano pa chikamwini ndi khasu limodzi. Mkazi wanga wagona pompano. Ndipite kuti?"

Njira yopita kwa Muhiye inatsala imodzi yokha, kanjira ka mapazi kodutsa pabwalo pa a Walter, n'kupyola pakati pa munda wawo, mpaka ku mabwinja ndi kumanda. Kwa a Fainess kanjirako sikanali nkhani yamasewera. Kumtundako kunagona amayi awo ndi akulu awo, ndipo iwo anali atawauziratu ana awo kuti, "Ine ndikadzafa musadzandiike kuno kwa eni ake. Mudzandikweze kwa amayi." Koma njira imakhala ndi moyo chifukwa cha mapazi, ndipo mapazi anali atasamuka. Mlungu uliwonse ankakwera okha ndi chikwakwa kukalimbana ndi udzu, udzuwo n'kumawaseka.

Thandizo linachokera kumene sankaliyembekezera. Tsiku lina ali kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, namwino wina wa ku Rumphi, dzina lake Temwa, akuwamanga chija choyezera kuthamanga kwa magazi, anawafunsa ngati akudziwa munthu wodziwa njira za kuphiri. Anati iye ndi anzake, aphunzitsi ndi a m'maofesi, amayenda Loweruka lililonse ndipo msewu wa tala wawatopetsa.

"Mukatengeko chiyani kuphiriko?" anafunsa a Fainess.

"Palibe, amayi. Kungoyenda basi."

"Kungoyenda? Opanda ngakhale kamtolo?"

Anaseka mpaka Temwa anachita kuyambiranso kuyeza. Dziko lasinthadi: anthu amene anaphunzira sukulu kuti athawe kuyenda pansi, tsopano akusakasaka chitunda ndi nsapato zogula dala. Koma pobwerera kunyumba anawerengera bwino. Anthu khumi ndi mapazi makumi awiri, ndipo mapazi makumi awiri amaposa chikwakwa chimodzi. Loweruka lomwelo anawatsogolera, kumutu kuli pululu, mpaka khosi linkawadabwa.

Kuyenda ndi a Fainess kunkafuna mtima wautali. Pakhomo lililonse la m'njira ankaima, kunena odi, kufunsa za ana, za chifuwa cha dzana, za mbuzi imene inasowa ija. Alendowo ankaponda apa ndi apa, maso pa mafoni awo owerenga mapazi. Ulendo wa maola atatu unkatha asanu ndi limodzi. Komabe ankabweranso, chifukwa mayiyu ankawaonetsa zimene paokha akanangozipyola: mulu wa miyala pamene makolo ochokera ku Mozambiki anatula katundu koyamba, maenje osalala pa thanthwe pamene azimayi ankasinjira mapira, mtengo wa mango umene unaima pakati pa matope pamene nyumba zisanu zinapita. Lamulo lawo linali limodzi. "Phiri ndi la Mulungu, koma bwalo ndi la munthu. Osadutsa pabwalo ngati nkhuku." Pa miyezi inayi kanjirako kanayera, ndipo a Fainess ankathokoza Mulungu chifukwa cha anthu osowa chochitawa.

Loweruka lina mu Okutobala malungo anawagwetsa. Temwa anati asadandaule, njira aidziwa tsopano. Anakwera anthu khumi ndi awiri, ena atatseka makutu ndi tizingwe ta nyimbo, osangalala kuti lero ayenda mwa changu popanda woimitsa. Anapeza a Walter ali pakhonde akusenda nandolo. Mmodzi anakweza dzanja, wina anajambula nkhokwe yawo chifukwa inali yolukidwa bwino, kenako onse anapyola.

Lachitatu a Fainess atapezako bwino anakwera, n'kupeza mulu wa minga utatseka njira. Kuseri kwa mingayo kunali kale mzere umodzi wa khasu, wopingasa pakati penipeni.

"Alamu, kodi minga iyi yamera liti?" anafunsa.

"Yamera Loweruka," anayankha a Walter osadzutsa mutu. "Anthu khumi ndi awiri, ndinachita kuwawerenga. Ngakhale galu amagwedezako mchira. Ajambula nkhokwe yanga, mwini wake ndili pomwepo ngati chitsa. Mvula ikangogwa ndibzala chimanga pamenepa. Munda ndi wa akulu anu, koma wolima ndine."

"Nanga ine tsiku langa likadzafika ndidzadutsa pati?"

"Mudzachite kuuluka."

Mawu amenewo anawalasa, ndipo anatembenuka n'kutsika ali ndi mkwiyo. Chimanga chikangomera pa njira, ndiye kuti yatha. Chaka chamawa palibe amene angakumbuke kuti panali podutsa. Akanatha kukasuma kwa amfumu, mwina n'kupambana mlandu, koma njira yotsegulidwa ndi mlandu imakhala ndi minga yosaoneka. Ndipo mtima utatsika anawamvera chisoni alamu awowo. Munthu wakhala yekha chaka ndi theka, kudikira mawu a munthu pabwalo pake, ndiye anthu khumi ndi awiri abwere n'kumupatsa nsana.

M'mawa mwake anakakhala pa benchi ya odwala mpaka nthawi yawo inakwana, n'kumuuza Temwa zonse.

"Koma tinakweza dzanja, amayi," anatero Temwa. "Tinaona kuti ali pa ntchito, tinaopa kuwasokoneza."

"Dzanja amakwezera minibasi, mwana wanga. Kwanu ku Rumphi mumatero kwa akuluakulu?"

Temwa anawerama. "Ayi. Agogo anga akanandikoka khutu."

Loweruka lotsatira anakwera onse khumi ndi awiri, opanda tizingwe m'makutu, azimayi atamanga zitenje pamwamba pa mabuluku awo oyendera. M'njira a Fainess ankawaphunzitsa moni wa Chilomwe, iwo n'kumabwereza ngati ana a sitandade wani. Atafika pa minga paja ananjuta pansi.

"Odi!"

Kunali zii. A Walter anali pakhonde pomwepo, akusema mpini.

"Odi kuno!"

Anauzira mpiniwo, kuuyang'ana uku ndi uku. Kachitatu m'pamene anati, "Eee," ngati munthu amene wangomva kumene.

Temwa anasendera ndi maondo n'kunena, "Moseliwa, bambo?" Lilime lake la Chitumbuka linaupinda moniwo mwakuti nkhalambayo inalephera kudzigwira, inaseka mpaka kutsokomola. A Walter anawayalira mkeka pansi pa mpoza, natulutsa mbale ya kalongonda. Mphunzitsi wina amene anamvapo kuti nyemba zimenezi zikapanda kupsa zimaledzeretsa koopsa, anatenga imodzi n'kumaitembenuza m'manja.

"Idyani, aphunzitsi," anatero a Walter. "Ndaphika kuyambira dzulo, ndataya madzi kasanu ndi kawiri. Ndikanafuna kukuphani ndikanakusiyani mupite kuchiphompho."

Temwa anapepesa m'malo mwa onse. Kenako wina anafunsa za nkhokwe ija, kuti analuka ndani, ndipo pamenepo anatsegula mpopi. A Walter anafotokoza za nsungwi, za mudzi mmene unalili, nyumba ya uje inali apo, tchalitchi chinali apo, ng'oma za tchopa zinkalira pati, Selestina anamuona koyamba akutunga madzi pa kasupe uti. Zina mwa izo ngakhale a Fainess anali asanazimvepo. Dzuwa linapendeka anthu asanapyole pabwalopo, ndipo mafoni aja tsiku limenelo anawerenga mapazi ochepa ochititsa manyazi. Potsanzikana a Walter anangoti, "Ndamva. Muyende bwino." Minga sanaikhudze.

Milungu itatu inadutsa chonchi. Gululo linkakwera Loweruka, kunena odi, kucheza, n'kubwerera pa minga pomwepo. A Fainess sanafunsenso. Munthu wamkulu sumuthamangitsa pa nkhani imene waimva kale. Koma mtima unali m'mwamba, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana pa Michesi.

Mvula yobzalira inagwa Lachiwiri lina mu Novembala. M'mawa mwake a Fainess anakwera okha, matope akukakamira ku mapatapata, akudzikonzekeretsa kukaona mizere. Mizere anaipezadi, yobzalidwa kale, kumanja ndi kumanzere. Koma pamene panali minga panali phulusa lonyowa, ndipo pakati pa mundawo panatsala njira. Sikanali kanjira kaja ka phazi limodzi kutsogolo kwa linzake. Inali yotakata, yosalazidwa ndi khasu, yoti anthu atatu n'kuyenda mogundana mapewa, yolunjika mpaka ku mitengo ya kumanda. Nkhalambayo inali itataya mizere iwiri yathunthu ya chimanga chake.

A Walter anali chapatali akukwirira mbewu ndi chidendene.

"Odi, alamu," anatero a Fainess.

"Eee. Ndayeza ndi chitseko changa," anatero a Walter. "Bokosi lanu lidzadutsa bwinobwino, ndi onyamula mbali zonse ziwiri. Koma musafulumire. Ndipo muwauziretu ana anu, akadzafika pabwalo pano adzanene odi, apo ayi mudzabwerera nawo."

A Fainess anaseka, misozi ikutsika osaipukuta. Anagwada m'matopemo n'kuwomba m'manja katatu. "Zikomo, alamu. Zikomo kwambiri." Kenako anadzuka, nalowa pakati pa njira yawoyo, kupita kukawauza amayi awo.