Mswachi Wofiira wa Mlongo Wanga

Mswachiwo unali wofiira, wa pulasitiki, wautali ngati chala cha munthu wamkulu. Unafika pakhomo pathu ku Ngara Lachiwiri lina cha m'ma naini koloko m'mawa, mpunga utayamba kucha kudambo. Anabwera nawo ndi mayi wina wa kuchipatala cha boma, wamtali, wolankhula Chichewa cha kuchigawo chapakati. Anatsika basi kumsewu waukulu n'kuyenda wapansi mpaka kwathu, ndipo mudzi wonse unamuona. Kwathu tinkatsuka mano ndi kamtengo kotafuna, choncho ine ndinali ndisanaonepo chinthu chotere pafupi.

Mlendoyo anabwera chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono. Mwana ameneyu sanali ngati ana ena. Ukamuitana sankacheuka. Ankakhala kunsi kwa nkhokwe tsiku lonse akuzungulitsa chivundikiro cha poto, ndipo munthu akamukhudza ankakuwa ngati wapsa ndi moto. Manja amene ankawalola anali a amayi okha. Kucheza sankacheza, koma ankasunga mawu a anthu. Chimene wanena lero, iye ankachitulutsa patapita mlungu, ndi mawu ako enieni, ngakhale kutsokomola kwako komwe.

Chaka chimenecho dzino lake lakumapeto linabowoka. Tsaya linatupa, m'kamwa munayamba kununkha, ndipo ululu ukakula ankamenyetsa mutu pamsanamira ya nkhokwe. Amayi anapita naye kuchipatala, ine ndikuwanyamulira madzi. Amuna atatu anamugwira kuti amutsegule pakamwa. Iye analuma mmodzi padzanja mpaka magazi, ndipo anatibweza. Tisananyamuke amayi anandisiya naye pakhonde, iwo n'kulowa chitseko china. Anatenga nthawi. Potuluka anali atamanga chitenje m'mwamba kwambiri, mpaka m'khwapa.

Mayi wa mswachi uja anati iye si nesi, komanso sazula mano. Anati ntchito yake ndi kuphunzitsa odwala kuchita zinthu za tsiku ndi tsiku, monga kudya, kusamba ndi kuvala. Amalume, amene ankakhala nafe chimwalirire cha bambo, anamvetsera atapinda manja. Mlendoyo atachoka anafunsa amayi ngati anamvapo za ntchito yotere chibadwire. Anati boma silingalipire munthu basi yochokera ku Karonga kuti adzaphunzitse mwana kutsuka mano. Anawonjeza kuti ngakhale mswachi wakewo ndi wofiira, ngati malaya a anyamata a chipani.

Amene sanakhale m'zaka zimenezo angaseke. Ife sitinaseke. Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha liwu limodzi lonenedwa pamowa, ndipo abale ake sankafunsa kumene wapita. Mphunzitsi wathu wa Sitandade 2 anasowa choncho, choko chake chikadali pagome.

Mlendoyo ankabwera Lachiwiri lililonse, ndipo zochita zake zinkangowonjezera kukayika kwathu. Ulendo woyamba sanachite kanthu. Anaika mswachi pamphasa, iye n'kukhala pataliko akuyang'ana nkhuku. Ulendo wina anavula wotchi yake n'kuibisa m'chikwama, akuti kulira kwake kukumusautsa mwanayo. Anasiyanso kusamba sopo wonunkhira. Ataona kuti mlongo wanga amakonda kudzipanikiza pakati pa matumba a mpunga, anauza amayi kuti azimukulunga bulangeti mothina asanamuyandikize mswachi. Kenako mswachi unayamba ulendo wake: padzanja, pamkono, patsaya, pamlomo. Pang'onopang'ono, ngati munthu wozolowetsa ng'ombe goli.

Koma mafunso ake ndi amene ankatiopsa kwambiri. Mwanayu amagona ndi ndani? Pakhomo pano pamabwera alendo otani? Akamva mawu a ndani amakhala chete? Amayi akachoka amatsala ndi ndani? Amayi ankayankha motsitsa, m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, maso ali pansi. Amalume ankamva zonse ali kuseri kwa khola, akunamizira kukonza ukonde.

Amalume anali ndi chifukwa choopera. Tsiku lina anyamata a chipani anawabweza pamsika chifukwa anaiwala khadi la chipanicho kunyumba, ndipo nsomba zawo zinawola. Atafika pakhomo anaponya dengu pansi n'kunena mawu oipa onena za khadilo. Anawanena m'Chichewa, potsanzira kalankhulidwe ka anyamatawo. Akanawanena m'Chitumbuka mwina mantha akanachepa, chifukwa mlendo wathu sankachimva bwino. Mlongo wanga anali kunsi kwa nkhokwe. Tonse tinadziwa kuti mawuwo alowa, ndipo tsiku lina adzatuluka.

Amalume anapempha amayi kuti amuuze mayiyo asiye kubwera. Anati dzino lidzagwa lokha, koma munthu akatengedwa sabwerera yekha. Amayi, amene sankatsutsana ndi mlongo wawo pa chilichonse, anakana. Ine ndinadabwa. Ndinadabwanso kuti mlendoyo ankandikhazika pafupi nthawi zonse, n'kumati ndiziyang'ana mmene amayi akugwirira chibwano. Ndinkaganiza kuti akufuna kundizolowera kuti tsiku lina adzandifunse za amalume ndili ndekha. Akandimwetulira ndinkayang'ana zala zanga.

Panali zinanso zimene ndinkaona koma osaziika pamodzi. Amayi anasiya kusinja mpunga ndipo mtondo unakhala wanga. Ankatunga madzi ndi dzanja lamanzere lokha. Mlongo wanga akawagwera pachifuwa, monga ankachitira, ankaluma mlomo n'kutseka maso. Ine ndinkati ndi kutopa kwa nthawi yokolola.

Mawu aja anatuluka mpunga uli pamphasa kuuma. Mlongo wanga anali m'bulangeti lake, atatsamira miyendo ya amayi. Mswachi unali utafika pamano akutsogolo koma iye anali atamanga nsagwada. Mlendoyo anagwada pafupi, atagwira dzanja la amayi. Kunali zii, nkhunda zokha zikulira mumtengo wa mango. Kenako mwana uja anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu a amalume, okhuthala, a munthu wamkulu:

"Khadi lawolo akaphike adye okha."

Kuseri kwa khola ukonde unasiya kugwedera. Amayi anafuna kumutseka pakamwa koma mlendoyo sanawasiye dzanja.

"Mwaona, mayi? Akamalankhula amatsegula yekha," anatero, nkhope yake osasintha. Kenako anaweramira kwa mwanayo. "Nenanso, bambo."

Iye ananenanso. Mswachi unalowa n'kufika mpaka ku dzino lodwala lija. Ananena kachitatu, thovu likutsika pachibwano, ndipo unalowanso. Mpaka lero sindidziwa chimene chinali mumtima mwa mayi uja pa nthawiyo. Mwina nayenso ankaopa, poti kumva mawu otere osakanena kunali mlandu. Koma ine ndinkangoona munthu wa boma akuwerengera umboni.

Amalume sanadikire chakudya chamasana. Anatenga ukonde wawo n'kudzera njira yakumunda kupita ku Sangilo, kwa anzawo asodzi.

Mlendoyo asanachoke anaitanira amayi kuseri kwa khitchini. Ine ndinasuzumira pampata wa bango. Ndinaona amayi atamasula chitenje mpaka m'chiuno. Mayi uja anawakweza mkono wamanja pang'onopang'ono, akuwaonetsa kuyendetsa zala pakhoma ngati nyerere yokwera. Kenako anapinda kansalu n'kukaika pabere lawo mosamala. Ndinaganiza kuti akuwasecha, kapena akuwabisira chinthu cha boma. Ankanong'onezana, ndipo ine ndinatola mawu ochepa okha.

"Mumupereke mawa lomwe, mayi. Musadikire kuti zifike poipa."

Amayi anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikugwera pamiyendo.

Kupereka munthu, masiku amenewo, kunali ndi tanthauzo limodzi. Ndinathawira kudambo n'kukakhala pakati pa ziputu za mpunga mpaka njala inandibweza. Ndinkati amayi agulitsa mlongo wawo chifukwa cha dzino.

Galimoto lodzatenga amalume silinabwere, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Amalume anabwerera mvula itayamba, ataonda, ndipo mpaka imfa yawo ankanenabe kuti mayi uja anali kazitape, kungoti anali waulesi. Dzino linazulidwa patapita miyezi, mlongo wanga ali m'bulangeti lake, mutu uli pamiyendo yanga. Amayi sanathe kutiperekeza. Mpunga wa chaka chotsatira sanauone. Dzina la nthenda yawo, khansa ya m'mawere, ndinalimva ndili kale ndi mimba ya mwana wanga woyamba, ndipo pakhonde la sikelo pomwepo ndinazindikira kuti womupereka uja sanali amalume, koma mwanayo, kumupereka kwa ine.

Koma m'mawa wotsatira uja sindinkadziwa chilichonse cha izi. Amayi anakulunga mlongo wanga m'bulangeti monga mwa masiku onse, kenako m'malo momutsamiritsa pamiyendo yawo anamutsamiritsa pa yanga. Anandiika mswachi m'manja. Iwo anapita kukakhala pamtondo pansi pa mango, n'kukhalira manja awo onse awiri. Mwanayo anakuwa, anapalapata, anatambasulira khosi kwa iwo. Amayi sanasunthe. Ine ndinawakwiyira kwambiri, ndikuti mayi wa boma uja wawaumitsa mtima.

Ndinayamba monga ndinkaonera: padzanja, pamkono, patsaya. Atatopa kulira ndinafika pamlomo, koma nsagwada zinali zomanga. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaweramira kukhutu kwake, n'kumunong'oneza mawu a amalume aja. Anawabwereza, ndipo mswachi unalowa.

Nthawi yonseyo maso anga ankathamangira kumsewu, kudikira fumbi la galimoto. Amayi sanayang'aneko kumsewu ngakhale kamodzi. Ankayang'ana manja anga.