Anagawana Mipeni ya a Telala Iwo Akadali Moyo

Bambo anga ndi telala, kapena ndinene kuti anali telala, chifukwa masiku ano dzanja lamanzere silimva zawo. Ankasokera m'kachipinda ka kutsogolo kwa nyumba yathu. Munali makina, tebulo lodulira nsalu, galasi long'aluka pakona, ndi kabati ya madirowa awiri. Dirowa yapamwamba inali ya ulusi ndi mabatani. Yapansi inali yokhoma, ndipo ndimo ankasungamo mipeni yawo yopinda.

Anayamba kuitolera akadali mnyamata. Wina anaupeza kwa ogulitsa zakale kumsika, wina anasinthanitsa ndi jekete, wina anachita kuupempha kwa mwini wake mpaka munthuyo anatopa nawo. Inalipo ya chigwiriro cha nyanga, cha fupa, cha mtengo wakuda bii. Sankadulira kanthu, ulusi ankadula ndi sizasi. Lamlungu masana ankayala nsalu patebulo n'kuitulutsa umodziumodzi. Ankadontheza mafuta a makina popindikira, n'kupukuta ndi kansanza, n'kuukhula pa lamba wakale wachikopa, kenako n'kuutseka pang'onopang'ono ndi manja awiri. Ukangoutseka mwaphuma kuti khwa, unkatuluka m'chipindamo khutu likutentha. Malemu amayi ankakonda kunena kuti, "Ndikanabadwa mpeni ine, bwenzi ndikudzozedwa mafuta sabata iliyonse."

Tsiku lina m'mawa anagwa ali pamakina. Inali sitiroko. Kuchipatala anagona osatsegula maso, ine ndili pambali pawo. Adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti ndidziwitse abale. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anabwera, anaima kumiyendo kwa bedi, anapukusa mutu, n'kunena kuti, "Mwanawe, limba mtima. Zakunyumba usadere nazo nkhawa, ndiyang'anira ine."

Anayang'aniradi.

Bambo sanafe. Anadzuka, pakamwa patapotoka pang'ono, mawu akutuluka movutikira, koma mutu uli bwinobwino. Titafika kunyumba sanafune madzi, sanafune mpando. Anatsimphina ndi ndodo yawo molunjika kukachipinda kaja. Dirowa yapansi inali yasa, loko atamukanula ndi chitsulo. Mkati munatsala tinsanza tokha, tonunkhira mafuta.

"Akuba?" anandifunsa.

Ndinapita kukafunsa anebala, ndinabwerako mutu ukuwira. "Si akuba, ababa. Akuti ndi bambo aang'ono. Anaitana achibale, anagawana."

Bambo anayang'ananso m'dirowamo. Kenako anati, "Nditengere nsapato."

Ndinayesa kuwaletsa, ndinawakumbutsa kuti adokotala anati asamapse mtima. Anandiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala, ndipo ndinawaveka nsapatozo.

Tinawapeza bambo aang'ono akupenta mawindo a nyumba yawo. Anali atagwada pansi, akukanula chivundikiro cha chitini cha penti. Chokanulira chake chinali mpeni wa chigwiriro cha nyanga, umene bambo sankalola ngakhale ine kuugwira ndi manja a thukuta. Nsonga inali itathyoka kale, chigwiriro chonse chili penti yobiriwira.

"Achimwene!" anatero bambo aang'ono, akuimirira mwamsangamsanga. "Mwatuluka? Koma Mulungu ndi wamkulu!"

"Bweretsa."

"Aa, kameneka? Achimwene, musaganize molakwika. Ife timati tisunge. Mukudziwa nyumba yopanda munthu. Ndiye tinati aliyense atengeko umodzi, tizikukumbukirani."

"Kundikumbukira?" Mawu a bambo ankatuluka limodzilimodzi, koma anamveka mpaka kumsewu. "Ndafa ine? Maliro anga unalira liti, iwe? Unandiika m'manda ati? Ine ndikupuma pabedi, iwe uli kalikiliki kuthyola loko wanga!"

"Komatu ndi timipeni chabe, achimwene. Mukanakhala kuti mwatisiya, mukanapita nato?"

Apa ndi pamene ine ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza bambo aang'ono kuti nthawi yonse imene ndinkawasambitsa bambo ndi kuwatembenuza, iwo sanabweretse ngakhale sopo, koma mphamvu zothyolera dirowa anali nazo. Anandiuza kuti ndine mwana wopanda ulemu. Ndinawayankha kuti ulemuwo anautenga iwo tsiku logawana lija, mwina uli m'chitini cha penti.

Mayi aang'ono anatuluka m'khitchini atanyamula mipeni iwiri. Inali yonyowa, yonunkha anyezi, dzimbiri litayamba kale popindikira. Anaiika pansi patsogolo pa bambo. Bambo sakanatha kuwerama, ndinatola ndine, n'kutenganso wa nyanga uja.

Masabata otsatira tinayenda khomo ndi khomo. Sindinadziwe kuti tili ndi abale ambiri chonchi mpaka pamene ndinayamba kulondola mipeni. Ena ankabweza ndi manyazi. Ena ankakana kuti sanatenge, chikhalirecho mpeniwo ukuoneka pawindo. Msuweni wina anati wake anautaya kumowa, akunena akuseka. Alamu awo a bambo anabweza wawo monyadira, ati anaukonzetsa. Anali ataupereka kwa wonola mipeni ndi makina kumsika, amene anaupala mpaka unatsala wowonda ngati msomali, chizindikiro cha amene anausula chitafufutika. Bambo anauyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa alamu awowo ngati nawonso angakonde kupalidwa chomwecho kuti awale.

Imene inabwerera sinafike ndi theka lomwe.

Kuisamala kunasanduka ndewu ya tsiku ndi tsiku. Ndi dzanja limodzi bambo sakanatha kutsegula mpeni kapena kuutseka. Ndinkaugwira ine, iwo akuchotsa dzimbiri ndi kupala penti ndi chikhadabo. "Gwira bwino, iwe! Ukugwira ngati nsomba yovunda bwanji?" Ndinkadziwa kuti sakukalipira ine, akukalipira dzanja lawo lija, koma nane ndine munthu, nthawi zina ndinkawasiya pomwepo n'kukaima panja. Wa nyanga uja anaunola pamwala kwa masiku ambiri mpaka unakhalanso ndi nsonga, yaifupi, yosaoneka bwino. Ataumaliza sanasangalale. Anangoti, "Wasanduka chimene ndasanduka ine."

Bambo aang'ono anabwera kamodzi kudzapepesa. Anaima pakhomo la kachipindako, chipewa chili m'manja. Bambo sanawayang'ane. Anandiuza ine kuti, "Uwauze bambo akowo kuti malemu sakulandira alendo."

Kenako anayamba chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anayamba kuigawa okha. Wa fupa anapatsa namwino amene ankawasamala kuwodi. Wa mtengo wakuda anapatsa wometa wa pamsewu wathu, amene ankabwera kudzawameta kuchipatala osaitanidwa. Wina anapatsa wokonza njinga. Aliyense ankamukhazika pansi kaye, kumuphunzitsa podontheza mafuta, kumulumbiritsa kuti sadzakanulira chitini. Wachibale sanapatse ndi mmodzi yemwe.

Utatsala wa nyanga wokha, ndinawafunsa. "Ababa, nanga ine? Ndayenda nanu dzuwa lonse lija, sindiyenera ngakhale umodzi?"

"Ndikakupatsa iwe, adzakulanda tsiku la maliro anga," anatero. "Udzakhala ukulira, iwo ali m'chikwama chako. Sindifuna adzaugwirenso."

Mawa lake anaupereka kwa mayi wina wosoka nsapato kumsika. Ndinakwiya nawo, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathe. Koma waukulu ndimausungira ena.

Bambo alipo mpaka pano. Amakhala m'kachipinda kaja, akuyang'ana anthu odutsa, makina ataphimbidwa ndi nsalu. Abale akamakumana amanena kuti matenda aja anawasokoneza mutu a Telala, ati munthu wanzeru sangadane ndi mng'ono wake chifukwa cha timipeni. Sabata yatha mayi aang'ono anandiimitsa pamsewu n'kundiuza kuti ndiwanyengerere bambo, banja libwerere mwakale. Ndinawafunsa ngati pali wina amene wapezako mipeni yotsala ija. Anati nkhani imeneyo ndi yakale, tiiwale. Ndinawauza kuti akaipeza adzandiuze, n'kupitiriza ulendo wanga.