Kamunda ka a Manase

A Manase a ku Zingalume anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosatha komanso njere za chamba m'kabokosi ka machesi. Njerezo anafesa kuseri kwa khola la nkhumba, kumene fungo limabweza aliyense. Lamlungu ankakhala kutsogolo m'tchalitchi, masiku enawa n'kumachiza mudzi. Khutu likatuluka mafinya, chamba. Mphumu, chamba. Nkhuku za chitopa, chamba chomwecho. Ngakhale tcheyamani wa chipani ankabwera ndi nyamakazi yake, n'kuchoka ngati sanaone kanthu.

Idesi, mkazi wa mwana wawo Philemon, anabwera pachitengwa atalekeza Fomu 2. Maso ake sankaphonya kanthu: zala za nkhalambayo zomata utomoni, malovu ouma m'ndevu, kachitini kadzimbiri kophikiramo mankhwala a anthu ndi a nkhuku omwe. Koma mtengwa salankhula maso ndi maso ndi apongozi aamuna. Ankangolavulira kumbali.

Mu 1978 chikuku chinalowa m'mudzi n'kugwira Lily, mwana wake wa miyezi khumi. Philemon anali ku Chipata. A Manase anawiritsa nsonga za chamba mumkaka wa mbuzi, n'kupatsira akazi awo, a Lonia, iwo ataima panja.

"Muuzeni amwetse katatu," anatero.

"Amayi, auzeni kuti mwanayu ngwakhanda," Idesi ananong'ona.

"Akuti zikomo kwambiri," a Lonia anayankha chakunja, uku akutsina mphuno ya Lily kuti ayasame.

Mkaka wobiriwirawo unayenderera mpaka m'khosi mwa mwana. Posakhalitsa kulira kunatha.

"Mwaona? Za kusukulu zija zikanamugoneka chonchi?" a Lonia anaseka.

Dzuwa linapendeka mwana asanayamwe. Idesi akamupatsa bere, kamlomo kankangolekerera, khosi lili lende ngati nsalu yonyowa. Anamubereka, n'kunyamula ndowa ngati akupita kudambo. Ndowayo anaisiya pachitsa, nalunjika kuchipatala cha ku boma.

Njira yonse ankalimbana ndi mtima. Akanena zoona, apolisi angamange apongozi, ukwati n'kuthera pomwepo. Akabisa, mwana angapatsidwe mankhwala olakwika.

"Mwam'mwetsa chiyani?" anafunsa adokotala atatukula chikope cha Lily.

"Chamba. Chophika mumkaka."

Adokotala anapukusa mutu. "Mu utomoni wake muli mankhwala amphamvu, amapita ku ubongo. Wamkulu angamuchepetsere ululu, inde. Koma anayeza ndani? Kamwana aka kakhoza kugona mpaka kuiwala kupuma. Anakupatsani ndani?"

Idesi anayang'ana pansi. Iwo sanafunsenso.

Anagonekedwa masiku anayi. Tsiku lachiwiri Lily anatsegula maso, nagwira bere ndi ukali mpaka mayi ake anamva kuwawa. Atatulutsidwa, Idesi sanabwerere ku Zingalume. Anatenga njira ya ku Pembamoyo, kwa amayi ake.

Kumeneko n'komwe anamvera kuti a Manase akuuza mudzi wonse kuti mdzukulu wawo anachira ndi mkaka uja, ndipo amayi ena atatu apita kale ndi ana awo kukapempha.