Mchere wa Amake Pili

A Fanuelo anali munthu wa panyanja kuyambira ali mnyamata. Akalowa m'zimbowera, tinyumba toyandama tija ta pakati pa mabango a pa nyanja ya Chilwa, kumudzi ankangodziwa kuti ali moyo chifukwa cha matemba amene ankatumiza kudoko la Kachulu. Pakhomo pawo, kwa Kuntumanji, ankagwira ndi akazi awo, a Sofiya, amene aliyense ankawaitana kuti amake Pili. Mayi ameneyu anali ndi mutu, musanene. Nsomba ankawamba yekha, n'kukagulitsa pa msika wa Songani, ndipo chaka chija nyanja inauma mpaka anthu kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, ndi dimba lake la matimati limene linapulumutsa banja. Za maliro, za maukwati, za malire a minda, anthu akasemphana ankati kafunseni amake Pili, iwo saiwala.

Panali kanthu kena kamene a Fanuelo anazolowera kwa zaka zambiri m'banjamo. Mwezi ndi mwezi, kwa masiku angapo, ankamva akazi awo akuitana kuchokera kukhitchini kuti Pili adzathire mchere m'ndiwo. Pili ndi mwana wawo wamkazi, wokwatiwa, nyumba yake ili pafupi pomwepo. Palibe ankafunsa chifukwa. Ngakhale mwana amadziwa kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, kuopa kudwalitsa akudyawo.

Tsono chaka china a Fanuelo anakhalitsa panyanja, kuyambira nyengo yozizira mpaka mvula itayamba, nyanja itatsekedwa kuti nsomba ziswane. Atabwerera kumudzi anakhala mwezi, kuitana kuja osakumva. Unadutsa wina, zii. Amake Pili ankangotapa mchere okha, waa m'poto, tsiku lililonse, nkhope ili gwa. A Fanuelo anayamba kuyang'anitsitsa, ndipo munthu akayamba kuyang'anitsitsa sasowa choona. M'chiuno mwa akazi awo munali mutanenepa. Thukuta linkawatuluka kamukamu ngakhale kunja kukuwomba kamphepo, mpaka kumadzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Mkwiyo unali pafupi, ukangowafunsa kumene kuli sopo wayamba nkhondo. Pamphasa napo ankangoti kukutentha, sunthirani uko.

Mkazi wosiya kupita kumwezi, wonenepa, wokana mwamuna wake, a Fanuelo ankadziwa dzina limodzi lokha la matenda amenewo. Mimba. Nanga mimba yake ya ndani, mwini nyumba anali pakati pa nyanja akulimbana ndi udzudzu?

Choopsa kwambiri chinali mchere womwewo. Akuluakulu amati mkazi woyenda njira zachibwana akathira mchere, mwamuna wake amadwala tsempho, kutsokomola, kutupa miyendo, mapeto ake kumanda. A Fanuelo anayamba kuopa mbale yawo yomwe. Ankangonyambita pang'ono n'kunena kuti m'mimba simuli bwino, kenako n'kukagula zitumbuwa kumsika ngati mbeta. Anaonda. Kachifuwa kamene anabwera nako kuchokera ku utsi wa m'zimbowera anakamva kakukula, ndipo m'mawa uliwonse ankadina akakolo ndi chala kuti aone ngati ayamba kutupa. Kufunsa akazi awo ndiye ayi. Mwamuna wamkulu ngati iwo akayambe bwanji nkhani ya kumwezi? Anasankha kufa nazo mumtima.

Ndiye panali maulendo. Dzuwa likangopendeka, amake Pili ankasamba, kumanga chitenje chabwino, n'kunena kuti akupita chakunoku. Chakunoku kuti? A Fanuelo anafufuza mochenjera, ndipo mayi wina wogulitsa nkhuni anawauza mosavuta kuti amawaona akulowa kumpanda kwa Che Yusufu. Eee! Che Yusufu, mmisiri wa mabwato, amene akazi awo anamwalira dzana lomweli, bambo wa ndevu zosamalika ndi mkanjo woyera mbee! Tsiku lomwelo a Fanuelo anatumiza mawu ku Songani kwa a Wilisoni, achimwene awo a amake Pili, amenenso anali ankhoswe a banjalo, kuti abwere Loweruka, pali nkhani yaikulu. Mumtima anali atatsimikiza zothetsa ukwati. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa mkaziyo ankamukonda, koma moyo ndi umodzi.

Lachisanu anati aone ndi maso awo, kuti pamaso pa ankhoswe asakayankhule zongomva. Anawatsata akazi awo chapatali, nadzaima kuseri kwa mpanda wa mabango. Mkati munamveka kuseka kwa akazi awo, kuseka kumene iwo anali asanakumve chibwerereni kunyanja. Kenako mawu a Che Yusufu, odekha, onyengerera:

"Musathamange, amake Pili. Yambirani kunyumba kuno. Eya, choncho. Tsopano gonani pamenepo."

A Fanuelo sanadikirenso. Anakankha chitseko cha mpanda mpaka chinazuka, nalowa maso ali psu.

Pansi pa mtengo wa mango panali maenje ang'onoang'ono okumbidwa m'dothi, mizere inayi. Mbali ina anakhala amake Pili, m'manja muli nkhomo za bawo. Mbali inayo anakhala a Sauda, alongo awo a Che Yusufu, mayi wokalamba wa mpango wakuda. Che Yusufu eni ake anali poteropo pa mpando, akusema mpini wa nkhafi, kuphunzitsa ndi pakamwa pokha. Nyumba ija linali dzenje la bawo. Kugona kuja kunali kwa nkhomo yomaliza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu. A Fanuelo bawo ankalidziwa bwino, kunyanja analisewera mpaka kutopa nalo, koma nsanje inawatseka makutu.

Che Yusufu anayang'ana chitseko chawo, nayang'ana mlendoyo, n'kungofunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. A Sauda anabisa pakamwa ndi mpango. Amake Pili anaika nkhomo pansi imodziimodzi, natsanzika mwaulemu, n'kutsogola.

A Fanuelo anawatsatira mpaka anafika pa dimba lawo, pamene panalibe anthu. Apo amake Pili anatembenuka nafunsa kuti chimene amuna awo ankayembekeza kupeza kumpandako n'chiyani. A Fanuelo anayamba kuzungulira, za thukuta, za kunenepa, za maulendo, mpaka mawu anatuluka okha.

"Nanga mchere? Chibwerereni ine simunamuitanepo Pili."

Amake Pili anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira.

"Ndiye mumati ndili ndi pakati? Ine, wa zidzukulu? Atate ake Pili, ndinasiya kusamba. Zinatha basi. Ndakula."

Anafotokoza zonse ali chiimire, osakweza mawu. Zinayamba amuna awo ali kunyanja. Kutentha thupi sikunawaopse kwenikweni, chimene chinawaopsa ndi mutu. Tsiku lina anasiya matemba pamoto mpaka anapserera onse. Tsiku lina anafika pa Songani n'kuima pakati pa msika osadziwa chimene abwerera. Kenako anaitana mdzukulu wawo, dzina osabwera, mwana akuwayang'ana. Anathamangira kuchipatala, ndipo anamwino anawauza kuti amayi ambiri zimawachitikira pa msinkhu umenewu, nthawi zambiri zimachepa, koma mutu asaugoneke. Aziphunzira chinthu chachilendo chovuta, azicheza ndi anthu, aziyenda. A Sauda, mnzawo wowamba naye nsomba, ndi amene anati bwerani tizitakata bawo kuseri kwa mpanda, kumene amuna sangatiseke. Ndipo zinkathandiza. Kuwerengera maenje nkhomo zisanachoke m'manja kunkawadzutsa mutu, ndipo ankabwerako mtima uli m'malo.

A Fanuelo anafunsa chapansipansi chifukwa chimene sanawauzire.

"Amayi anga munawaona," anatero amake Pili. "Atayamba kuiwala, kumasochera m'minda ya eni, anthu anati chiyani? Anati ndi mfiti yagwa paulendo. Anawagenda, inu mulipo. Ndimati ndikangonena kuti mutu ukundithawa, mawa ndi ine. Ndimadalira kuti zikadzafika poipa, wondiikira kumbuyo ndinu. Lero ndaona. Mchere wokha mwandiweruza nawo osandifunsa, nanga tsiku limene ndidzaiwale dzina lanu?"

Manyazi anawagwira a Fanuelo, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo, chifukwa tsiku la miyala lija analikumbukira bwino. Iwo ndi amene ananyamula apongozi awowo kuwabweretsa kunyumba, magazi ali chuchuchu pachipumi.

Loweruka a Wilisoni anafika pa njinga, atavala jekete la milandu. A Fanuelo anawalandira, nachita chibwibwi, n'kunena kuti nkhani ija inali ya malire a dimba ndipo yatha kale. A Wilisoni anadandaula za ulendo wautali wopanda pake. Amake Pili anamva zonse ali kukhitchini, ndipo apo ndi pamene anadziwa kuti amuna awo anafika poitanitsa ankhoswe.

Chakudya chitabwera, alendo anapatsidwa mbale yawo ya mlamba wokoma bwino. Ya a Fanuelo inabwera payokha. Atalawa anapeza ndiwo zili zii, ndipo pambali panali kambale ka mchere. Anakweza maso. Akazi awo anagwada mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Thirani nokha, atate ake Pili. Dzanja langa mumaliopa."

Patapita masiku a Fanuelo anakakonza chitseko cha Che Yusufu, napempha thabwa la bwato lakale, n'kusema bawo labwino la maenje osalala. Amake Pili analilandira, nathokoza. Masiku ano amasewera awiriwo pakhonde, poyera, odutsa akuyang'ana, ndipo kawirikawiri odyedwa ndi a Fanuelo. Kunyanja sakhalitsanso ngati kale. Mayina a zidzukulu amake Pili amawatchula onse osaphonya. Koma nyanja yatsekedwa n'kutsegulidwanso, ndipo mbale ya a Fanuelo ikubwerabe ndi kambale kake pambali. Amatapa okha, n'kuthira, n'kudya.